Dzina pa Dzira la Bakha

Mwezi wathawu, bambo Feston Zgambo analowa m'sitolo ina pa boma la Mzimba n'kupeza makina oswetsa mazira, bokosi loyera lothwanima nyali, mazira ali m'mizere. Mtsikana wa m'sitolomo anali ndi pensulo, akulemba pa dzira lililonse dzina la mwiniwake. Mkuluyo anagwira mphepete mwa tebulo. Maso ake sankaonanso makina. Ankaona dengu lakutha pakona ya khitchini, thadzi lakuda lili phee, ndi mkazi wake Christobel atagwada, khala lili m'manja.

Chinali chaka cha 1978, mwezi wa Juni, kumudzi kwawo kum'mwera kwa Embangweni. Christobel, amene pamudzi ankamuitana kuti NyaShaba, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Madzulo ena akutsekera nkhuku, anafika a Zondwayo, msuweni wa malemu bambo ake a Feston, atanyamula mazira asanu ndi limodzi a bakha m'chipewa.

"Ndamva kuti thadzi lanu layamba kufungatira," anatero. "Bakha wanga ndi waulesi, sakhala pa mazira. Atatu anu, atatu anga. Mbwenu pasakhale mkangano, anuwo mulembepo mayina. Poti NyaShaba ndi wa sukulu ya mishoni."

"Yewo chomene, adada," anayankha Feston.

Kubwerekana thadzi sinali nkhani. Chachilendo chinali mayinawo, pakuti anthu ankangojambula kamtanda ndi khala. Koma Christobel ankanyadira dzanja lake. Analemba Felesta, dzina la azakhali ake a Feston. Analemba Chikomeni, mng'ono wake wa Feston amene ankacheka matabwa ku Chikangawa. Awiriwa, pamodzi ndi Feston, ndiwo anali eni dimba lalikulu la kumtsinje limene a Zondwayo anakhala akulipempha zaka zambiri osapatsidwa.

"Lachitatuli ndi lanu," anatero Christobel.

"Ine bakha ndimutani? Lembapo lako, udzadye ukachira."

"Mwayamba liti kukoma mtima?" Anaseka, nalemba dzina lake.

Patatha masiku khumi, Feston anaunika mazirawo monga ankachitira nthawi zonse. Dzuwa litangolowa anayatsa koloboyi, napinda pepala ngati chitoliro, n'kumasuzumira dzira lililonse pa kuwalako. Atatu a a Zondwayo anali oyera mbee, opanda kamtsempha ngakhale kamodzi. Atatu olembedwawo anali olemera, ndipo m'kati mwake munkayandama chinthu chakuda chokhala ndi timinyanga tisanu, ngati kadzanja. Ankanunkha dothi lofukulidwa kumene. Feston anawabwezera msanga, osauza mkazi wake.

Kuyambira tsiku limenelo thadzi lija linasiya kutuluka kukadya. Agalu ankalambalala khitchiniyo. Amayi kuchitsime ankanong'onezana kuti utsi wa kwa NyaShaba ukununkha ngati kumanda.

Lachisanu m'mawa Christobel anapeza dzira limodzi lili pansi, kunja kwa dengu, lozizira ngati mwala.

"Lakana la ankhazi," anatero, akutchula azakhaliwo m'Chitumbuka. "Mwina lasukusa."

Masana omwewo a Felesta anagwa akukolola chimanga. Pofika nawo pakhomo anali atauma kale, thupi lili zii ngati agona m'madzi. Pa maliro a Zondwayo ndiwo anatsogolera nyimbo.

Sabata itatha thadzi linatulutsanso lina. Feston analitola, naliwerenga: Chikomeni. Tsiku lonse anakhala pakhonde akuyang'ana njira. Mawa lake telegalamu inafika, yonena kuti chipika cha paini chagubuduka n'kumupsinja mng'ono wake.

Apa ndipo anamvetsa. Koma akanauza yani? Masiku amenewo kutchula munthu kuti mfiti unali mlandu, ndipo a Zondwayo ndiwo ankagulitsa makadi a chipani m'mudzimo. Mawu awo amodzi okha, munthu ankatengedwa pa galimoto osabwerera. Kuliphwanya dzira la Christobel sakanayesa. Kulichotsa pansi pa thadzi kunali kuliziziritsa. Anangoyamba kukhala m'khitchinimo, kulondera nkhuku.

"Mwakwatira thadzi tsopano?" anafunsa Christobel, koma sanaseke. Milomo yake inali itatuwa.

Pa tsiku la makumi atatu kunacha ndi chifunga. Christobel analephera kudzuka.

"A Zgambo, miyendo yanga sindikuimva. Ndifunditseni."

"Mabulangete onse ali pa iwe."

"Mwana sakusuntha."

Feston anathamangira kukhitchini. Thadzi linali litaimirira, likukankha dzira ndi mlomo, pang'onopang'ono, mpaka pa mlomo wa dengu. Analiwakha lisanafike pansi. Linali lofunda pang'ono chabe. Anamasula malaya, naliika kukhwapa, napanikiza mkono. Anamva chinthu chikukanda chigoba m'kati. Ali chiimire choncho, mawu a mkazi wake anamveka kuchipinda: "Zayamba kumveka zala."

Anaima nthawi yaitali, thukuta likutsika ngakhale kunali chisanu. Sakanakhala nalo kukhwapa moyo wake wonse. Maso ake anagwera pa khala lomwe lija, lili pa mafuwa. Anatulutsa dziralo, nalavulira chala, nafufuta dzina la Christobel mpaka chigoba chinayera. Anatola khalalo, nalemba: Zondwayo. Kenaka anatuluka, nakaliika pansi pakati pa bwalo, pa udzu wamame.

Sipanapite nthawi yophikira tiyi. M'chifungamo munamveka mapazi, ndipo a Zondwayo anatulukira, opanda nsapato, mano akugundana. Palibe amene anawaitana.

"Lili kuti?"

"Chiyani, adada?"

"Mwana wanga, usachite nane masewera. Lili kuti sumbi lija, dzira lija?"

Anthu a nyumba zoyandikana anali atatuluka, atafunda mabulangete, akungoyang'ana. Feston analoza pansi. A Zondwayo anagwada, naliwerenga, nayesa kufufuta ndi chala. Khalalo silinachoke. Anayesa ndi malovu, ndi malaya. Zilembo zinali zitalowa m'chigoba.

"Ndapota, fufuta ndiwe. Mwini dzina sangadzifufute yekha."

"La ankhazi anafufuta ndani? Nanga la Chikomeni?"

A Zondwayo anaweramiranso dziralo. Analitola, nalilowetsa kukhwapa, napanikiza mkono, n'kuyamba kuyenda chammbali ngati nkhanu. Sanalowenso m'nyumba mwawo. Omaliza kuwaona anati ankalowera kumadzulo, njira ya ku Zambia. Mazira atatu osalembedwa aja Feston anawaphwanya kudzala, ndipo munali madzi okhaokha. Thadzi linafa tsiku lomwelo.

Christobel anadzuka masana, napempha phala. Mu Ogasiti anabereka mwana wamkazi. Chaka chotsatira banjalo linasamukira ku Kitwe, kumene linakhala zaka zambiri. Dimba lija analisiya likumera bango.

Mu 1991, akudutsa pa Lundazi, Feston anaona nkhalamba yopemphetsa pa msika, mkono wamanzere utafota n'kumatirira kunthiti. Inkagona chokhala, anatero amalonda, ndipo sinkalola munthu kuikhudza mbali imeneyo. Itamuona inatsegula pakamwa, n'kutambasula dzanja linalo. Feston anakwera basi.

Christobel anamwalira chaka chathachi, osadziwa kuti dzina lake, limene anamulembetsa mwamuna wake yemwe, linafika pa mlomo wa dengu.

"Mwadwala, agogo?" anafunsa mtsikana wa m'sitolo uja.

"Ayi, mama. Koma pa mazirapo uzingolemba manambala."

Mtsikanayo anaseka. Feston anayang'ana pensuloyo kanthawi.

"Dzanja lako ndi labwino," anatero. "Langa likunjenjemera tsopano, ndipo amene ankandilembera anapita. Ukaweruka ufune pepala, ndikuuze nkhani, uilembe. Pa pepala, mama, osati pena."