Zitumbuwa za Amake Tamanda

Amake Tamanda anali kusinja nthochi za zitumbuwa pamene Teleza, mnzawo wothyola naye tiyi, anatulukira akuthamanga, wefuwefu.

"Asisi, siyani zimenezo! Ana asanu pa laini ya nyumba zathu zino akutsekula m'mimba. Elson wa a Bizwick amutengera kuchipatala. Akuti ndi inuyo."

"Ine ndatani?"

"A Bizwick anakaombeza. Woombezayo wawauza kuti ndi mzimayi wogwira mafuta ndi moto. Nanga wokazinga pano ndani? Akubwera, asisi."

Munsi unawapulumuka. Mayiwa ankadziwa bwino mmene nkhani zotere zimathera: miyala padenga, katundu panja, munthu n'kuthawa osayang'ana kumbuyo.

Posakhalitsa anthu anadzaza pabwalo, a Bizwick, kapitawo wa othyola tiyi, ali patsogolo, maso ali psuu. Tamanda, mwana wa mayi uja, wa Fomu 3, anali atangofika kumene kuchokera kusukulu. Anaima pakhomo n'kulankhula ndi a Bizwick.

"Bambo, pepani, ndifunseko. Titchule ana odwalawo, tione amene anadya zitumbuwa zathu. Ngati onse anadya, ndipo amene sanadye ali bwino, ndiye kuti vuto lili m'nyumba mwathu muno."

Amake anamutsina pamkono. "Iwe, ukundigulitsa?" ananong'ona. "Ukapeza kuti onse anadya?"

"Ndiye tidziwa, amayi."

Yankho limenelo silinatonthoze munthu.

Tamanda anatola kamtengo n'kujambula mizere iwiri pansi, wa odya ndi wa osadya. Happy anadya. Queen anadya. Jacob anadya ziwiri. Anthu anayamba kung'ung'udza, ndipo mnyamata wina anawerama n'kutola mwala. Amake Tamanda anayang'ana kanjira kolowera m'munda wa tiyi, n'kuona kuti sakafika.

"Wachinayi ndani?" anafunsa Tamanda.

"Wanga," anatero mayi wina kumbuyo. "Koma iyeyo sanadye. Alibe ndi mano omwe. Amangomwa phala ndi madzi."

"Nanga Elson, bambo?"

A Bizwick anayang'ana kumbali. "Elson sadya za nthochi. Zimamunyansa."

"Ine ndinadya zinayi pa sikelo yoyezera tiyi dzulo," anatero Teleza, atapeza mphamvu. "Mukundiona ndikuthamangira kuchimbudzi?"

Ena anaseka pang'ono, koma a Bizwick sanaseke. "Mankhwala amasankha munthu," anatero. "Angathe kudutsa ndi mphepo."

"Ngati ndi choncho, bambo, palibe chimene chingasonyeze kuti amayi ndi osalakwa. Mwana akadya, ndi iwo. Akapanda kudya, ndi iwobe. Tifunse chinthu chimene tingachione. Ana asanuwa akumwa madzi akuti?"

Mjigo wa pa laini unali utafa milungu iwiri yapitayo. Ena ankakwera mtunda kukatunga pampope wa kufakitale. Otopa, ndipo wothyola tiyi satopa ndani, ankangotsikira kukhwawa, kumunsi kwa zimbudzi. Mmodzimmodzi, amayi a ana odwalawo anavomera. Onse anali a kukhwawa.

"Ndiye ukuti ndi madzi?" anafunsa a Bizwick.

"Mwina. Sindinadziwebe. Titengere botolo kwa a zaumoyo akayeze. Akapeza kuti ali bwino, tifunsanso kwina."

"Woombeza sananene kuti mwina."

"Eya, bambo, sananene."

A Bizwick anaima nthawi yaitali akuyang'ana mizere ija. Kenako anauza mkazi wawo kuti akatenge botolo, n'kutembenuka osapepesa. Mnyamata uja anaponya mwala wake pansi ngati sunali wake. Anthu anabalalika, ena akuyang'anabe cham'mbali.

Amake Tamanda anakhala pansi kaye. Maso awo anagwera pa ndowa imene inali pakhonde. Anaitunga okha m'mawa, kukhwawa komweko.

"Kaike madzi awo pamoto awire," anauza Tamanda.

"Onse, amayi?"

"Onse. Ndipo usandifunsenso kanthu, mafunso ako andikwana lero."

Anatola munsi, n'kuupukuta fumbi ndi chitenje. Nthochi zinali zitayamba kuda mumtondo, ndipo sankadziwa ngati mawa pa sikelo apezeke wogula. Anayambanso kusinja.