Mayina a pa Wilo ya a Whiteson

Yoweli Mbewe wa ku Zemba ankalima ndi kakhasu kothera, ndipo chaka chilichonse nkhokwe yake inkatha mvula isanagwe. Zinali zaka zija sopo ndi mchere zinkasowa m'masitolo, anthu n'kumafola pa boma la Chadiza khadi la chipani lili m'manja. Mkazi wake, Esnat, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Lonia, ankabwerekana chitenje.

Tsidya la dambo kunkakhala atsibweni ake, a Whiteson, amene anabwerako ku migodi ya ku Kitwe ndi penshoni. Anagula ng'ombe khumi ndi ziwiri, ngolo ndi chigayo. Yoweli akamva chigayocho chikulira, ankameza malovu n'kumati, "Chuma cha mtsibweni amadya ndi mwana wa mlongo wake. Ndidikira."

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, a Whiteson anaitana abale onse.

"Ndinapita kwa loya ku Chipata, ndalemba wilo," anatero. "Ndikafa, zonse ndi za mkazi wanga Lefina ndi mwana wanga Olipa. Poti Olipa akali pasukulu, a Bonifasi, mkulu wa mpingo, adzamusungira ng'ombe ndi chigayo mpaka atamaliza. Iwe Yoweli udzatenga njinga."

"Njinga, atsibweni? Ine mwana wa mlongo wanu?"

"Manja uli nawo. Ku Kitwe ndinaona akazi amasiye akulandidwa ndi bulangete lomwe. Zimenezo pakhomo panga ayi."

Yoweli sanadye tsiku limenelo. M'mawa mwake anauyamba wapansi kupita kumalire a Mozambique, kwa mayi wina wokhwimitsa anthu, dzina lake Idesi. Anamupeza masana akusenda mtedza pakhonde, n'kumufotokozera zonse.

"Pepala silimva mankhwala," anatero Idesi osadzutsa mutu. "Koma olembedwapowo ali ndi magazi. Alipo angati?"

"Kupatula ine, alipo anayi, kuphatikizapo mwini wake."

Mayiyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nyanga yaing'ono yakuda yomata phula.

"Ukaikwirire pakhomo la khola la atsibweni akowo. Mukakolola, uziinong'oneza dzina limodzi. Ikadya, chuma chibwera kwa iwe."

"Nanga mayina akadzatha?"

"Ukufunsa za mawa pamene lero sunadye? Ingodziwa ichi: siyenda mtunda wautali, ndipo ikagona ndi njala chaka chimodzi, imasankha yokha."

Yoweli anailandira ndi manja awiri.

Anthu atangokolola, anagwada pakhola la atsibweni ake ngati akuchotsa minga kuphazi, n'kutchula dzina la a Whiteson. Patapita masiku atatu, mkuluyo akutsegulira ng'ombe m'mawa, nkhunzi imene anailera yekha inamubaya pamimba, n'kumunyamula m'mwamba, n'kumumenyetsa pansi. Anafa matumbo ali m'manja.

Maliro asanazizire, Yoweli anafika ndi nkhwangwa kudzatenga makiyi a chigayo. A Lefina atakaniza, anawamenya ndi mpini mpaka mkono unathyoka. A Bonifasi anathamangira pomwepo ndi pepala lija.

"Mwana wanga, malemu anandisungitsa chuma cha wamasiye. Ndili moyo ine, sukhudza ngakhale thole."

"Mwanena nokha, akulu," anayankha Yoweli.

Chaka chimenecho mkulu wa mpingoyo anatetezadi chumacho, ndipo anakamunenera Yoweli kwa tcheyamani wa chipani. Koma kukolola kwina kutafika, Yoweli anatchula dzina lachiwiri, ndipo lamba wa chigayo anakola jekete la a Bonifasi. Makina anawakoka, mutu n'kuphwanyika pachitsulo, amayi odzagayitsa akuona. Ufa wa tsiku limenelo anakaukwirira kudambo.

Kuyambira pamenepo palibe anatsegula pakamwa. A Lefina anatenga Olipa n'kukwera lole kuthawira kwa achimwene awo ku Ndola. Yoweli analowa m'nyumba ya malata ya malemu atsibweni ake. Ng'ombe zinaswana mpaka makumi anayi, anatsegula sitolo, ndipo amene ankamuseka kale anayamba kumutchula kuti abwana. Esnat yekha ndiye ankaonda.

"Bambo a Lonia, chuma ichi chikununkha," anatero tsiku lina. "Tiyeni tibwerere kukanyumba kathu."

Yoweli anamuwomba mbama, mano awiri n'kugwa.

Chaka chachitatu anatchula dzina la a Lefina. Sabata inatha osamva uthenga wa maliro. Anatchula Olipa, koma kunali zii. Ng'ombe zinayamba kukana kutuluka pakhomo la khola, zikungofwenthera pamene anakwirira nyanga paja. Mantha atamugwira, anapalasa njinga kubwerera kwa Idesi.

"Amayi, ichotseni. Ndikupatsani ng'ombe khumi."

"Ng'ombe ndi zako ngati?" anaseka mayiyo. "Ku Ndola n'kutali, ndinakuuza. Thamanga, mwina a pakhomo pako ukawapeza onse ali moyo."

Anafika kwawo dzuwa lili paliwombo, n'kupeza anthu ataunjikana pamsewu. Lonia ankachokera kusukulu pamene ng'ombe za pangolo zinadzidzimuka popanda chozidzidzimutsa. Zinamugwetsa, gudumu n'kumudutsa pachifuwa. Esnat anali atamufukata, yunifolomu yonse ili magazi.

Yoweli sanalire. Anatenga nkhwangwa n'kulowa m'khola, akukuwa mayina a atsibweni ake ndi a Bonifasi. Anatema ng'ombe miyendo, makosi, misana, ndowe zonse n'kusanduka matope ofiira. Amuna anaopa kumuyandikira. Potsiriza nkhunzi imene anaitema pamphuno inamupanikiza pamzati mpaka nthiti zinamveka kuthyoka. Anakhala masiku awiri pamphasa akusanza magazi, n'kuulula zonse pamaso pa akulu a mpingo. Pamaliro ake sipanaimbidwe nyimbo.

Wilo ija inali ikadali kwa loya ku Chipata. A Lefina atabwerako, khoti linapereka kwa iwo ndi Olipa chigayo, nyumba, ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri zimene zinapulumuka. Esnat anabwerera kwa makolo ake ndi kamtolo ka zovala za mwana wake.

Munthu akagawa chuma chake ali moyo, mawu akewo alemekezeni, ngakhale gawo lanu litachepa. Dyera silikhuta, ndipo wokhwimira chuma cha amasiye amayamba ndi kukumba manda a ena, n'kumalizira pakhomo pake.