Maikulosikopu a M'mapulasitiki

Kachidwi anaima mu ofesi ya ahedi manja ali kumbuyo, maso ali pansi. Patebulo panali tizidutswa tiwiri ta kagalasi kopyapyala, kaja amaikapo zinthu pofuna kuziona pa maikulosikopu. Anzake anamupatsa dzina la Kachidwi chifukwa sankadutsa chinthu osachigwira, ndipo tsikuli chidwicho chinali chitamuputira mlandu.

"Ukudziwa kuti zimenezi anatipatsa ndi a kampani?" anafunsa ahedi. "Mawa akubwera kudzaona. Akangochoka, udzatenge kalata yako uzipita. Mayeso ukalembera kwina."

Mayesowo anali atatsala milungu itatu yokha.

Kampani yokumba mafuta m'deralo ndi imene inamanga labu ya pasukulupo, n'kubweretsa maikulosikopu makumi awiri. Chibweretsereni, ahedi anawasiya m'mapulasitiki momwemo, labu n'kuikhoma loko. Ana ankangoona chithunzi cha makinawo chojambulidwa ndi choko pabolodi. Olowamo anali mayi ake a Kachidwi okha, amene ankagwira ntchito yosesa pasukulupo. Lachisanu lililonse ankakolopamo, mwana wawoyo akuwathandiza. Ndi mmene anayambira kuvundukula makina a pakona n'kumasuzumiramo, mpaka tsiku limene kagalasi kanamupulumuka.

Atafika kunyumba mayi ake sanamukalipire.

"Ine sukulu ndinailekeza panjira, n'chifukwa chake ndikusesa makalasi amene sindinakhalemo," anatero akufinya malaya. "Iwe suilekeza chifukwa cha kagalasi kochepa ngati chala. Mawa upite kusukulu, ndipo akakufunsa unene zoona. Misozi isiye kuno, ilibe ntchito."

M'mawa mwake ahedi anavala suti. Mlendo wa ku kampani anali mayi injiniya, wovala ovololo yosuluka ndi nsapato zothetheka kutsogolo. Ahedi anatsekula labu monyadira. Pansi pankachita kunyezimira.

Mayiyo anayenda pang'onopang'ono akugwira mapulasitiki aja. Tepi ya kufakitale inali ikadali pomwepo.

"Chaka chathunthu, bambo?"

"Tasamala zedi, mayi. Ali ngati mwabweretsa dzulo."

"N'zimene zikundidandaulitsa."

Atafika pakona anaima. Makina a pamenepo anali ndi zidindo za zala paliponse.

"Koma awa ndiye amoyo! Amagwira ndani?"

Ahedi anatuma uthenga, ndipo Kachidwi anabwera. Mayi ake anaima pakhomo ndi ndowa yawo.

"Wolakwa ndi ameneyu," anatero ahedi. "Waswanso kagalasi. Chilango tamukonzera kale."

"Unaswadi, mwanawe?"

"Inde, mayi. Kanandipulumuka ndikukatsuka."

"Unkakatsuka? Ndiye kuti unali utaikapo kanthu. Tationetsa."

Kachidwi anathamangira panja, n'kubwera ndi madzi a m'ngalande m'kachitsekerero ka botolo. Injiniya uja anakoka dilowa imene palibe amene anali ataitsekulapo. Munali mabokosi odzaza ndi timagalasi.

"Timabweretsa tambiri chifukwa timadziwa kuti tizisweka," anatero. "Kuntchito kwathu, wophunzira akandiuza kuti sanaswepo kanthu, ndimadziwa kuti manja ake amakhala m'thumba. Ineyo chaka changa choyamba ndinaphwanya geji yatsopano yoyezera mafuta, mpaka lero anzanga amandiseka nayo."

Kachidwi anadontheza madzi pakagalasi, n'kupotokola kachitsulo ka m'mbali mpaka zinthu zinaoneka bwino. Mlendoyo anasuzumira, n'kugwedeza mutu.

"Bwerani muone, bambo."

Ahedi anazengereza, kenako anavula magalasi awo n'kuwerama. Anasuzumira m'makinamo.

"Zikuyenda!" anakuwa. "Iih, china chili ndi mchira! Madzi omwewa ana amasewera nawowa?"

Onse anaseka, koma ahedi ataweramuka sankaseka.

"Ndaphunzitsa sayansi zaka makumi awiri," anatero motsitsa mawu. "Lero ndi tsiku langa loyamba kuyang'ana m'makina amenewa. Kumene ndinaphunzira ine, chinthu chikawonongeka sichinkabweranso. Ndinkaopa."

"Zikawonongeka mudzatiitane, tidzakonza," anayankha injiniya uja. "Ife tikufuna ana a kuno adzagwire ntchito imene ndikugwira ineyi. Sangaiphunzire pa zenera."

Ahedi anatembenukira kwa Kachidwi, n'kukhosomola pang'ono.

"Za kalata zija uiwale. Pita ukaitane kalasi yako yonse. Uwaonetsa ndiwe, ine ndikhala kumbuyo ndiziphunzira nawo."

Kachidwi anatuluka ndi liwiro. Ahedi anakwinya manja a suti yawo n'kuyamba kung'amba tepi ya makina oyamba, pulasitiki n'kugwera pansi.

"Pepani ahedi," anatero mayi ake a Kachidwi ali pakhomo pomwepo, "ng'ambani onse, koma zinyalalazo muziponya m'bini. Ndangokolopa kumene."