Kabowo ka pa Chitsekero cha Thanki

Ananyamuka dzuwa litalowa kale. Janet anali atayamba kudandaula masana kuti mwana sali bwino, koma mwamuna wake Yotamu anachedwa kokatula thonje. Nanga akanatani? Galimoto m'dera lonselo inali imodzi yomweyo, Fodi yakale ya mmwenye wogula thonje, imene Yotamu ankayendetsa. Munali mu Ogasiti, chaka cha 1953, nthawi ya fumbi.

Mwanayo, Elliam, anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Thupi linali moto, bere analikana kuyambira m'mawa. Chipatala cha mishoni chinali kuseri kwa Balaka, ndipo iwo ankachokera cha ku Ulongwe. Janet anamufukata, chala chake chili pakhosi pa mwanayo, kumvera ngati mtima ukugundabe.

Atayenda mamailosi atatu, injini inatsokomola. Inakoka, n'kusiya, inakokanso... kenako zii.

"Petulo watha?"

"Iyayi, mayi a Elliam, ndathira ndekha. Ndi zinyalala chabe."

Yotamu anatsegula boneti, nyali ili pambali. Anamasula kabotolo kosefera petulo, n'kukatsuka. Anazula paipi, n'kuuziramo mpaka masaya kutupa. Atapukusa hendulo yolizira galimoto, injini inalira bwinobwino ngati sinalakwepo.

Mailosi awiri, inazimanso. Ulendo uno anamasula pampu, anayamwa petulo ndi pakamwa, n'kulavula akutukwana. Inalira. Mailo imodzi, zii. Janet anaona chinthu chimodzi: akaima nthawi yaitali, galimoto inkayenda patali, akafulumira, inkafa msanga. Anafuna kunena, koma nkhope ya mwamuna wake inali itaipa.

Kachinayi inafera pa mlatho wa matabwa. Yotamu anapukusa mpaka dzanja kutuluka matuza. Ayi ndithu.

Apo mwana anayamba kugwedezeka, maso atatembenuka.

"Bambo a Elliam! Taonani mwana!"

"Kutsogoloku kuli mudzi. Ndikapemphe njinga. Musatsike, mwamva?"

Anathamanga, nyali n'kumusiyira mkazi wake. Mapazi ake anamveka pang'ono, kenako anazilala.

Janet anatsala yekha. Kumunsi kwa mlatho madzi kunalibe, mchenga wokhawokha. Kutsidya kunali nkhalango yowirira, ya mtundu uja anthu sadulamo nkhuni. Anaidziwa. Manda.

Nkhululu zinali kulira. Mwadzidzidzi zinaleka. Zonse, nthawi imodzi.

Go... go... go. Wina ankagogoda thanki ya petulo kumbuyo.

"Salamu aleikumu, amama."

Mawu anali ofatsa, a munthu wamkulu. Janet anakweza nyali. Pambali pa galimoto panaima bambo wamtali, wovala kofia yoyera ndi jekete lakale la asilikali. Dzanja lake lamanja linalibe zala ziwiri. Sanayang'ane Janet. Ankayang'ana galimoto, monga momwe munthu amayang'anira m'bale wake amene anasiyana naye kalekale.

"Ndayamba kuimva ili ku Ulongwe," anatero. "Mwaivutitsatu. Kutsogoloko kulibe mlandu. Bwerani kuno."

"Mwana wanga akudwala, bambo..."

"Ndamuona. Ndiye fulumirani."

Chimene chinamutsitsa, Janet sanachidziwe. Mantha analipo, koma miyendo inamvera. Anabereka mwana, n'kuzungulira kumbuyo. Bambo uja analoza chitsekero cha thanki, osachigwira.

"Tsegulani. Pang'onopang'ono. Mutchere khutu."

Chinali cholimba. Anaika nyali pansi, n'kupotokola ndi manja onse awiri.

Fyoooo!

Thanki inakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi. Chitsulo chinalira, pho! Janet anatsala pang'ono kugwetsa chitsekerocho.

"Tembenuzani chitsekerocho. Pakati pali kabowo. Mukukaona?"

Kabowo panalibe. Panali kadontho ka phula la njuchi, komatidwa bwino. Apo Janet anakumbuka: dzulo lake Yotamu anamata yekha, akudzitama kuti fumbi ndi ulusi wa thonje sizilowanso mu petulo.

"Petulo akamatuluka, mphepo izilowa," anatero mlendoyo. "Mukatseka, pampu imakoka, thanki imakokanso. Ndiye awine ndani? Boolani."

Janet anafufuza pathupi. Analibe kanthu. Kenako anamasula pini ya thewera la mwana, n'kubaya phulalo mpaka kuwala kwa nyali kunatulukira mbali inayo.

"Basi. Pa chitunda cha kutsogoloko amuna anu asaikakamize, ndi nkhalamba iyi."

"Zikomo, bambo. Kodi inu ndinu a..."

Anakweza nyali. Panali mlatho. Panali msewu. Kumbuyo kwa galimotoko kunali fumbi losalala, lokhala ndi mapazi a munthu mmodzi. Ake omwe.

Nkhululu zinayambiranso.

Yotamu anafika ali wefuwefu, wopanda njinga. Anapeza mkazi wake ali chiimire, chitsekero chili m'manja.

"Ndinati musatsike!"

"Pukusani."

"Mukuganiza kuti sindina..."

"Pukusani, bambo a Elliam, chonde!"

Anapukusa kamodzi, kawiri. Kachitatu injini inabangula. Inawoloka mlatho, inakwera chitunda, inadutsa Balaka, osatsokomolanso ngakhale kamodzi. Janet sanayang'ane m'mbuyo.

Kuchipatala asisitere analanda mwanayo m'manja mwake n'kuthamanga naye. Anamubaya jakisoni, n'kumukulunga m'nsalu zonyowa. Janet anakhala pansi pafupi ndi bedi, maso osaphethira, kuwerenga mpweya uliwonse. Kum'mawa kukuyera, Elliam anatuluka thukuta, anatsegula maso, n'kuyamba kufunafuna bere. Asisitere anati akanachedwa ola lina, akanabwera kudzangolira.

Dzuwa litatuluka, Janet anatuluka panja, mwana akuyamwa. Anapeza Yotamu ataima ndi mlonda wa pachipatalapo, nkhalamba yotchedwa a Bizwick, amene ankazungulira galimoto uku akuisisita.

"Ikuyendabe iyi? Ha! Mmwenye uja sataya kanthu."

"Mkazi wangayu akuti waikonza ndi munthu wina pa mlatho wa matabwa," anatero Yotamu mwamanyazi. "Ine sindinamuone."

"Wovala kofia ndi jekete la asilikali," anatero Janet. "Dzanja ili analibe zala ziwiri."

A Bizwick anachotsa dzanja pa galimoto. Anavula chipewa.

"Zala zimenezo zinadulidwa ndi fani ya injini yomweyi, mwana wanga. Anamangidwa bala pakhonde pomwe mwaimapo. Ameneyo ndi Che Sidik. Anaiyendetsa zaka khumi, kupatula nthawi ya nkhondo."

"Amakhala mudzi uti? Tikawathokoze."

Nkhalambayo inayang'ana mwana, kenako Janet.

"Simunaione nkhalango kutsidya kwa mlathowo? Ali mmenemo. Tinawaika m'chaka cha njala, fote-naini. Ine ndinanyamula nawo."

Yotamu anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Janet anangomva kakamwa ka Elliam kakukoka mwamphamvu, ndipo anamusinthira bere lina.