Wilibala Yokwana Belita

Belita ndi mtsikana wa ku Jenala. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Miyendo yake siyenda. Belita amafuna chinthu chimodzi chokha. Amafuna kupita nawo kudimba.

Kale amayi ankamubereka. Ankapita naye kudimba. Tsopano kumsana kwa amayi kuli khanda. Abambo amasenza thumba la manyowa. M'manja amanyamula khasu ndi ndowa. Womubereka Belita palibe.

M'mawa uliwonse amayi amayala mphasa pakhonde. Amaikapo madzi ndi chinangwa chophika.

"Tibwera msanga, mwanawe," amatero amayi.

Koma sabwera msanga. Dimba lili kutali.

Belita amatsala yekha. Amayang'ana phiri la Michesi. Phiri silicheza. Amayang'ana nkhuku. Nkhuku nazo, kucheza sizidziwa. Zimangofuna chinangwa chake basi. Belita amasungulumwa. Masiku ena amalira.

Tsiku lina amayi anapita kusikelo ndi khanda.

"Lero msana wanga ulibe katundu," anatero abambo. "Kwera, Belita. Tikagule wilibala. Khosi langa latopa ndi manyowa."

Anafika kumsika, kwa a Kaliati ogulitsa mawilibala. Pansi panali matope okhaokha. Abambo anasowa pomukhazika Belita.

"Mukhazikeni mu iyi," anatero a Kaliati.

Inali wilibala yobiriwira. Inali yotakata. Inali ndi tayala lopopa. Belita anakhala. Anatambalala bwinobwino.

Abambo anapita kwa wilibala yofiira. Inali yopapatiza, koma yakuya. Inali ndi gudumu lachitsulo. Abambo anaigogoda, ngo ngo ngo. Anaikankha uku. Anaikankha uko.

"Iyi ndiye wilibala," anatero abambo. "Manyowa alowa ambiri. Gudumu lachitsulo siliphwa. Tiye, Belita, tizipita."

Belita sanakweze manja kuti amunyamule. Anagwiritsa m'mbali mwa wilibala yobiriwira.

"Ababa, mundiyese kaye mu yofiirayo."

Abambo anamuikamo. Mawondo anafika pachibwano. Abambo anakankha pang'ono. Gudumu linagunda mwala. Mano a Belita anagundana, gwe gwe gwe.

"Manyowa akwana," anatero Belita. "Ine sindikukwana."

Abambo anaseka. "Iwe ndiwe manyowa kodi? Wilibala ndi ya kudimba, mwanawe."

"Inenso ndikufuna kudimba, ababa," anatero Belita chapansipansi. "Pakhonde ndimakhala ndekha."

Abambo anasiya kuseka. Anamuyang'ana Belita. Anamuyang'ana nthawi yaitali. A Kaliati anayamba kupukuta wilibala yopukuta kale.

Abambo anamunyamula Belita. Anamubwezera mu yobiriwira. Anakankha pang'ono. Tayala linakwera mwala womwe uja. Mano sanagundane.

"A Kaliati, titenga iyi," anatero abambo.

"Tayalalo limaphwa ndi minga," anatero a Kaliati.

"Likaphwa ndizipopa."

M'mawa mwake amayi anatenga mphasa. Sanaiyale pakhonde. Anaipinda, n'kuiika mu wilibala. Anaikamo madzi. Anaikamo chinangwa chophika. Abambo anaikamo Belita.

"Nanga manyowa?" anafunsa amayi.

"Manyowa adikire," anatero abambo. "Ulendo woyamba ndi wa Belita."

Anadutsa m'minda ya nandolo. Anadutsa pa kamlatho ka mitengo. Belita anaona dimba. Anaona mpiru. Anaona matimati ofiira psuu.

Amayi anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anamupatsa Belita khanda. Khanda linagwira mphuno ya Belita. Belita anaseka. Amayi anaseka ali ndi ndowa m'manja. Abambo anabwerera kukatenga manyowa akuimba mluzu.

Tsiku limenelo Belita sanalire. Pakhonde panatsala nkhuku zokha.