Denga la Ama Sabina

Mukana, ndikudziwa, koma imvani kaye.

Ku Kande kuno kulibe wofolera nyumba woposa Patson. Pansi pa udzu amayala pepala lakuda la pulasitiki, ndipo amadzitama kuti denga lake ngakhale mvula ya mu Epulo imangolilambalala. Ndiye tangoganizani mmene anamvera atauzidwa kuti nyumba imene anafolera Ama Sabina, mayi wamasiye, yayamba kugwetsa zinthu zakuda.

Usiku woyamba mayiwo anamva tseketseke pamwamba, pang'onopang'ono, ngati munthu akuponda masamba ouma. Kutacha, pa neti ya udzudzu ponse panali tizidutswa takuda ngati kalata yopserera. Usiku wachiwiri tizidutswato tinagwera mu ufa wa kondowole. Wachitatu, mphepo italeka, kunja kuli zii, m'dengamo munamveka chifuwa, kho, kho, chimodzimodzi cha malemu amuna awo.

Kuchigayo, Austin, wofolera mnzake wa Patson, ankanong'oneza anthu: "Anaikamo mankhwala ameneyo. Paja anawafunsira, iwo n'kumukana." Awiri amene anamuitanira ntchito Patson anasintha maganizo.

Patson anakagona yekha m'nyumbamo, eni ake atathawira kwa mng'ono wawo. Pakati pa usiku, kutazizira, tseketseke uja anayamba. Anakwera pampando, tochi pakamwa, n'kugwira pepalalo. Linanyenyeka m'manja ngati usipa wouma.

M'mawa anaitana anthu n'kusasula udzu.

"Ada Austin, bwerani mudzagwire mfiti yanu."

Austin anagwira pepalalo ndi zala ziwiri. Linathetheka.

"Udzu watha, dzuwa likulowa," anatero Patson. "Masana pepala limapsa, usiku limazizira n'kukhwinyata, mpaka kuuma gwa. Kulirako n'kumeneko. Ili ndinayala Nellie wanu ali kumsana, pano ali Sitandade 6. Lanu lija linatha mvula zingati?"

"Ziwiri," anayankha Austin, maso pansi.

"Nanga chifuwa chija?" anafunsa Ama Sabina chapansipansi.

"Mbuzi, Ama. Mbuzi imatsokomola ngati munthu."

Anafolera mwatsopano tsiku lomwelo, anthu akuonerera, ndipo awiri aja anabwerera akusisita m'manja. Zakuda zinasiya kugwa. Chifuwa chinatha.

Mukufuna kudziwa pomwe ndanama? Za pepala kafunseni Austin, akuuzani mokwiya. Ndawonjezera mawu awiri okha, kuti mnzanga Patson aziyendabe mutu uli m'mwamba: "chifuwa chinatha." Ndipo mbali imeneyo palibe woweta mbuzi.