Bambo Anafika pa Siteji

Hutala ya basi itangolira kumsewu, bambo ake a Nthenga anagwetsa kapu n'kuthawira kuseri kwa kabati. Munthu woti wayendetsa basi zaka makumi awiri! Nthenga anatola zidutswa za kapuyo misozi ikulengeza.

Panali patatha miyezi isanu ndi itatu chichitikireni ngozi imene inapha kondakitala wawo, mnzawo wa ponda apa m'pondepo. Mabala anapola, koma mantha anakanirira. Am'nyumba anawakonda mopyola muyezo. Amayi anatseka mawindo onse oyang'ana kumsewu, ndipo aliyense ankangoti, "Gonani, musadzivutitse." Bambo anasanduka dzira, ndipo pabwalo sankapondanso.

Lolemba lina mphunzitsi wa sayansi anajambula ubongo pabolodi, ngakhale unkaoneka ngati kabichi.

"Mantha timachita kuphunzira," anatero mphunzitsiyo. "Ubongo ukamva phokoso pamodzi ndi ululu, umasunga. Koma ungathenso kuphunzira kuti phokosolo silipweteka. Ofufuza akuona kuti kuthamanga kapena kuyenda ndawala kungathandize kuti phunziro lachiwirili likhazikike."

Nthenga anakweza mkono. "Nanga munthu akamangobisala, aphunzitsi?"

"Ndiye ubongo umati sunalakwe kuopa."

Mtima wa Nthenga unawawa. Mawindo aja anatseka nawo ndi manja ake.

Atafotokoza kunyumba zoti aziyenda ndi bambo kupita kumsewu, amayi anamukalipira. "Iwe, ukufuna undiphere mwamuna? Sayansi yakoyo uziisiya kusukulu konko!" Koma Nthenga atafunsa kuchipatala, dokotala anavomera, bola pang'onopang'ono.

Anayamba ndi kuzungulira nyumba, bambo akupuma wefuwefu, Nthenga akuwaseka kuti akupitiriridwa ndi nkhuku. Thukuta likatuluka, ankayenda molunjika kumsewu. Tsiku loyamba anabwerera pachipata. Tsiku lachinayi anabwerera pa shopu ya telala, ndipo masiku awiri otsatira anakana ngakhale kuvala nsapato.

Sabata yachisanu anafika pa siteji. Basi inatulukira, hutala n'kulira. Bambo anafinya dzanja la Nthenga mpaka zala zinachita dzanzi, koma sanathawe. Basi inaima, inatsitsa anthu, n'kupita.

"Ababa, mwatha!" Nthenga anafuula.

Koma bambo sanaseke. Anakhala pabenchi n'kulira mokweza, anthu akuona, kulira kumene sanalirepo chichitikireni ngoziyo.

"Kondakitala wanga uja ankandidikira pabenchi pompano m'mawa uliwonse," anatero. "Mwana wanga, ine ngakhale kumaliro ake sindinapite. Mkazi wake aziti ndine munthu wanji?"

Nthenga anangokhala nawo pambali mpaka kulira kunachepa.

"Tibwerere kunyumba, ababa?"

Bambo anapukuta nkhope ndi malaya, n'kuyang'ana kumene basi inalowera.

"Ayi. Kwawo kwa malemuyo n'kutali, wapansi sitingafike. Tidikire inayo."